Tsiku lachinayi la a malume Venansio

Mwezi uno chiperoni chabweranso, ndipo chakwana chaka chimwalirireni a malume anga, a Venansio, alongo awo a mayi anga. Kuno ku Milange ukafunsa za a Venansio anthu amayamba akanda m'mutu, koma ukangoti a Masiku Asanu, ngakhale amayi ogulitsa nthochi pa malire akulozera njira. Dzinalo linali lachipongwe. Iwo ankadziwa, komabe ankavomera akaitanidwa nalo.

Pamaliro pawo anthu anayankhula zabwino zokhazokha, monga timachitira. Anati anali munthu wofatsa, wodekha, wokonda ana. Ine ndinkangodzifunsa ngati tikuika munthu yemweyo amene ndinkamudziwa. Kudekha anali nako, kopitirira muyezo. Koma kufatsa ayi. A malume anali ndi liuma la mbuzi yokokedwa pachingwe. Ndikufuna ndiwalembe mmene analili, chifukwa ndinkawakonda, ndipo mpaka lero ndikadawakwiyira.

Moyo wawo wonse unali pa kiriketi. Ndifotokoze pang'ono, poti kuno tikati mpira timanena wamiyendo. Pakati pa bwalo pamakhala kamzere ka dothi lolimba kotchedwa pichi, ndipo kumapeto kwake konse kuwiri amazikako zikhomo zitatu. Wina amaponya mpira wolimba kuti agwetse zikhomozo, wina amaima patsogolo pake ndi thabwa kuziteteza. Akaumenyera kutali amathamanga, ndipo kuthamangako n'kumene amawerenga. Omenya amalowa awiriawiri, wina uku wina uko. Woyimbira akakukwezera chala ndiye kuti watuluka, kapume, alowe mnzako. Tsono kiriketi alipo wamitundu iwiri. Alipo wamfupi, wa maola atatu, wa majezi owala ndi nyimbo, wa matimu amene eni ake ndi anthu achuma. Ndiye alipo wautali, wotchedwa Tesiti, wa dziko ndi dziko linzake, wa zovala zoyera, amene amatenga masiku asanu ndipo nthawi zina amatha popanda wopambana. A malume anali a wautaliyu. Winayo ankati ndi chipisi cha pa depoti: umadya uli chiimire, ukafika kunyumba njala ili pomwepo.

Amene anawadziwa zaka zomaliza zokha amakumbukira nkhalamba yokankha mgolo. M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, ankagudubuza mgolo wodzaza miyala ndi simenti uku ndi uku pa pichi yawo, pakati penipeni pa munda, pamalo pomwe panali pachonde kuposa ponse. Nthawi imeneyo panalibenso amene ankasewerapo. Nkhuku ikapondapo ankaitukwana m'Chilomwe, chinenero chimene ankachisungira mkwiyo ndi mapemphero. Mbuzi ya a neba itadutsapo dothi lili lonyowa, mlandu unakafika kwa akuluakulu a dera lathu, ndipo mabanja awiriwo anatha chaka osapatsana moto. Masana ankaimitsa ntchito iliyonse kuti amwe tiyi, monga amachitira osewera a Tesiti, shuga akhalepo kapena asakhalepo.

Kukakhala Tesiti kwina kulikonse padziko, ankakhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pakhutu, masiku asanu osamveka pakhomo. Chingerezi ankamva cha kiriketi chokha. Ukawapatsa moni ankangokweza dzanja kuti udikire. Pamaliro a mlamu wawo anawapeza kuseri kwa nkhokwe akusaka siteshoni, ndipo akazi awo, azakhali a Rozina, anabisa mabatire sabata yonse. Wailesi itasiya kuulutsa masewerowo, ankapempha aliyense wodutsa ndi foni kuti awawerengere mmene zikuyendera. Ambiri ankawanamiza kuti netiweki yavuta.

Kiriketiyu anakamupeza ku Malawi nthawi ya nkhondo. Anawoloka Ruo ndi azakhali ndi mwana wawo mmodzi yekha, Marita. Ku msasa wa othawa kwawo ntchito inali kudikira: kudikira ufa, kudikira nyemba, kudikira uthenga wa amene anatsala kumudzi. A malume sankatha kungokhala, ndiye anayamba kuzemba kukasaka ganyu pa esiteti ina ya tiyi. Anawapatsa ntchito yotchetcha udzu pa bwalo la kalabu ya mabwana, pamodzi ndi mnzawo wa ku Majaua, a Sitande. Kapitawo wokalamba wa pabwalopo anawaphunzitsa onse awiri kukonza pichi: kukumba dothi la pachulu, kulisefa, kulinyowetsa, kuligudubuza mpaka lilimbe. Pa wailesi ya kapitawoyo m'pamene anamva koyamba za masewero a masiku asanu. Atafunsa kuti wapambana ndani anauzidwa kuti palibe. Timu ina inali itagonja kale m'maso mwa aliyense, koma amuna awiri anakana kutuluka mpaka dzuwa la tsiku lachisanu linalowa, ndipo masewero anatha mofanana. Ankasimba kuti atamva zimenezo anakhala pansi, chikwakwa chili m'manja, chifukwa anaona ngati akunena za iwo. Ankati nkhondo ija anthu wamba sanapambane, sanagonjenso, anangokana kutuluka.

Mtendere wa 1992 utabwera anabwerera kuno n'kupeza nyumba itagwa, munda utasanduka tchire. Anzawo anayamba ndi denga. Azakhali amanena mpaka lero kuti pakhomo pawo pichi inatha denga lisanafoleredwe. Matabwa omenyera ankasema okha a bulugamu, zotchinga miyendo ankasoka za makatoni ndi siponji. Kenako anayamba kusonkhanitsa ana a m'dera lathu. Phunziro loyamba silinali kumenya mpira, linali kuusiya. Unkaima pamenepo milungu yathunthu ukuphunzira kudziwa mpira woti ungoutchinga ndi woti uulole udutse, iwo akukubwerezera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana ambiri anathawira ku mpira wamiyendo, ndipo sindiwaimba mlandu. Ine ndinatsala chifukwa anali malume anga, kothawira kunalibe.

Marita anamwalira akadali wamng'ono, n'kusiya mwana wamwamuna, Zeka, m'manja mwa agogo ake. Zeka anakulira pa pichi imeneyo. Anali ndi diso limene ena tonse tinalibe. Mpira ankauona usanachoke m'dzanja la woponya. A malume ankamutcha chipupa chawo. Vuto linali lakuti chipupacho chinkathanso kumenya. Akafuna, ankaunyamula mpira kudutsa pamwamba pa mitengo ya mango kukagwera m'chinangwa cha anthu, ife n'kumakuwa. A malume sankamuyamikira. Ankangomuuza kuti akautole yekha, ndipo akabwera ayambirenso kutchinga.

Mafoni atafika, kiriketi wamfupi analowa m'thumba la mnyamata aliyense. Ku mabaraka, timagolosale ta pafupi ndi malire, kumene onyamula katundu timapumira podikira magalimoto, anthu anayamba kutchula matimu a mizinda imene sadzaiona, n'kumabetcherana. Poyamba a malume anasangalala, poganiza kuti anthu atseguka maso. Kenako tsiku lina anyamata anawaonetsa msika wa osewera: anthu a masuti atakhala pa matebulo, akukweza timatabwa kulimbirana mnyamata wina woponya mpira. Ine ndinalipo.

"Epa! Mano amuyang'ana kale?" anafunsa a malume. "Ku msika wa ng'ombe timayamba ndi mano."

"Madala, musamumvere chisoni ameneyu," anatero mnyamata wina wa njinga ya kabaza. "Mwezi umodzi adya zimene dziko lake silingamupatse mpaka imvi."

"Nanga dziko lake likamuitana ku Tesiti?"

"Anena kuti msana ukuwawa. Pulonto, nkhani yatha."

Anyamata anaseka. A malume anaimirira. "Dziko si patarau wako, bwana wokulemba ntchito, kuti lizikulipira. Dziko ndi mayi ako."

"Mayi akapanda kuphika, madala, timakadya kwa a neba."

A malume anatuluka, ndipo njinga yawo sanaikwere, anaikankha mpaka kunyumba. Pasanapite nthawi anamva kuti dziko lina latumiza ku Tesiti anyamata osadziwika chifukwa akatswiri ake onse anali otanganidwa ndi ligi ya anthu achuma. Masiku amenewo ankangotola chakudya n'kusiya. Kenako anandiitana n'kundiuza kuti ngati eni ake akumusiya kiriketi wautali kuti afe, iwo asanafe adzamuona kamodzi ndi maso awo, pa dothi lawo, kuyambira tsiku loyamba mpaka dzuwa la tsiku lachisanu.

Ndinawaseka. Ndani kuno angasiye njinga yake kapena munda wake masiku asanu chifukwa cha masewero? Koma a malume anali ataganiza kale. Anaitana dima. Kwathu munthu ntchito ikamukulira kumunda amafulula thobwa, amapha chiweto, n'kuitana anzake kuti adzamulimire, ndipo lamulo lake aliyense amalidziwa: wamwa thobwa la dima sasiya khasu munda usanathe. Anasankha nyengo yoti chimanga chalowa m'nkhokwe, nandolo asanache. Anatumiza uthenga kwa a Sitande, amene nawonso anali ataphunzitsa alimi anzawo ku Majaua. Mbuzi zawo zonse zinathera pamenepo. Azakhali anafulula thobwa akung'ung'udza, koma anafulula lokoma. Malaya oyera tinasaka pa kaunjika, ena tinabwereka kwa a kwaya. A ku Majaua anafika pa njinga, mphasa zili kumbuyo. M'mawa wa tsiku loyamba a malume anatiimika pamzere, matimu onse awiri, ndipo chipanda chinayenda kuyambira woyamba mpaka womaliza. Zeka anamwa, ine ndinamwa.

A malume anali woyimbira, atavala chijasi choyera chobwereka kwa wogulitsa nyama. Tsiku loyamba kunabwera chinamtindi cha anthu, koma pofika masana ambiri anali atabalalika, akuti palibe chikuchitika. Apolisi awiri anabwera kudzafunsa kuti msonkhanowu ndi wa chipani chanji, anamwa thobwa, n'kumapita. Tsiku lachiwiri chiperoni chinatsika m'phiri, ndipo a malume anafunditsa pichi ndi lona lakale la ku msasa, eni ake akunyowa. Kutangoyera pang'ono tinapitiriza. A ku Majaua anali amphamvu, manja a khasu, ndipo pofika tsiku lachitatu anali atatisiya kutali. Kupambana kunali kosatheka. Chimene chinatsala chinali chimodzi: kukana kutuluka masiku awiri athunthu, kuti masewero athe mofanana.

Madzulo a tsiku lachitatulo, amene tinali mkati tinali ine ndi Zeka. Iye anali ataima kuyambira masana, osaunyamula mpira m'mwamba ngakhale kamodzi. Woponya wa ku Majaua anamumenya nawo pa nthiti, pa chala, pa ntchafu. Zeka ankangopukuta thukuta n'kuimanso. A malume atalengeza kuti kwa lero zatha, ndinawaona akutembenukira ku nkhokwe n'kupukuta m'maso ndi mkono wa chijasi chija. Chimene anachimva pa wailesi ya kapitawo ali othawa kwawo chinali chikuchitika pamunda pawo, ndipo wochichita anali mwana wa Marita.

Foni ya Zeka inalira tikuvula zotchinga miyendo. Anali wamalonda wina wa ku Limbe amene anali ndi timu mu kaligi ka kiriketi wamfupi mumzindamo. Anali ataona kanema wa Zeka akumenya mpira kudutsitsa mitengo ya mango. Wosewera wake mmodzi anali atavulala, ndipo ankafuna Zeka afike mawa lake masana, apo ayi atenga wina. Zeka anali ndi mkazi, Luiza, amene anali ndi pakati, ndipo ntchito yake inali yofanana ndi yanga, kunyamula matumba a anthu pa malire. Anapita kukawauza agogo ake pomwe ankafunditsa pichi.

"A vovo, andiitana ku Limbe. Ndikapita mawa, sabata yamawa ndabwera."

"Tsiku lachinayi ndi mawa," anatero a malume osadzuka. "Silisamuka."

"Mwayi uwu subweranso, a vovo."

"Wamwa thobwa la dima, iwe."

"Ndamwa. Koma Luiza ali ndi pakati. Mwanayo akabadwa adzadya pichi?"

Apo a malume anaweramuka. "Ukuthawa. Anzako akukudalira, iwe ukuthawa."

"Inunso munawoloka Ruo yomweyi kuno kutavuta."

"Ine ndinkathawa mfuti!"

"Njala nayo imapha, a vovo. Kungoti ilibe phokoso."

Azakhali anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Bambo a Marita, musiyeni mwanayu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anthu mukadali nawo, alowa wina."

A malume sanawayang'ane n'komwe. Anamuuza Zeka kuti, "Mawa ine ndiima pamalo panga. Iwe pamalo pako ukupadziwa." Anabwerera kukatsindira lona ndi miyala.

M'mawa mwake Zeka anawoloka malire atangotsegula chipata.

Tsiku lachinayi kunacha bwino kuposa masiku onse, phiri likuoneka mpaka pamwamba. A ku Majaua anamwazikana pabwalo, woponya wawo akupukuta mpira pa thalauza. Ine ndinakaima kumapeto kwanga ndi thabwa. A malume anaima pamalo pawo ndi chijasi chawo, koma maso anali kumsewu. Lamulo la kiriketi pa nkhani yotere ndi losavuta, ndipo anatiphunzitsa ndi iwo omwe: womenya akapanda kubwera, amalowa wotsatira, masewero n'kupitirira. Wotsatirayo anali atavala kale, atakhala pa chitsa. A malume sanamuitane.

Dzuwa litakwera a Sitande anawayandikira. "Achimwene, tiyeni tiyambe. Mwana wapita, wapita."

"Munthu sanatuluke. Ndilowetse bwanji wina pamalo pa munthu woti sanatuluke?"

"Lamulo mukulidziwa inu kuposa ine."

"Abwera. Mwina minibasi yamusiya. Wamwa thobwa ameneyu."

Tinadikira. Nthawi ya chakudya inakwana, tinadya, tinabwerera pamalo pathu. Nthawi ya tiyi inakwana, a malume analengeza tiyi ngati kuti tasewera. Ine miyendo inachita dzanzi. Pamene zithunzithunzi zinayamba kutalika, a ku Majaua anayamba kumanga mphasa zawo pa njinga mmodzimmodzi, mosayang'anana. A Sitande anatsala pambuyo.

"Achimwene," anatero, "mwanayo wachotsa munthu mmodzi. Enafe mwatichotsa ndinu."

Tsiku lachisanu a malume anavalanso chijasi n'kukaima pomwepo. Ine ndinapita chifukwa ndinawamvera chisoni, ndipo tinatha tsikulo awiriwiri, iwo uko ine kuno, pakati pathu palibe woponya. Dzuwa litalowa anandiuza kuti masewero sanathe, angoima.

Iwo ankauza aliyense kuti ligi ya anthu achuma inawabera mdzukulu n'kuwaphera masewero. Theka lake n'zoona. Koma ine ndinali pamenepo ndi thabwa m'manja. Omenya tinali nawobe, pichi inali yabwino, ndipo mwina tikanalimba mpaka tsiku lachisanu, mwinanso tikanagonja, koma tikanamaliza. Amuna aja anasiya minda ndi njinga zawo, anasunga lamulo la dima, ndipo amene anawatulutsa m'munda ntchito isanathe anali mwini dima. Azakhali anawauza zimenezi pamaso, kangapo konse. Ine sindinalimbe mtima kuwauza, koma zinandiwawa ndipo zikundiwawabe. Sankafuna masiku asanu okha ayi. Ankafuna masiku asanu a Zeka.

Ku Limbe Zeka anayamba bwino. Sabata yoyamba yomweyo kanema anafika pa mafoni a ku mabaraka: Zeka wathu mu jezi yofiira, mpira ukuuluka kutuluka m'bwalo, anthu akuvina. Anyamata anathamanga nayo foni kukawaonetsa a malume, iwo n'kutembenuzira nkhope kumbali. Koma azakhali anandinong'oneza kuti anyamatawo atachoka, anawafunsa ngati chigongono cha mwanayo chinali m'mwamba pomenya, monga anamuphunzitsira. Chisangalalocho sichinakhalitse. Timu ija inagulitsidwa kwa munthu wina, inasintha dzina ndi mtundu wa jezi, kenako mwini watsopanoyo anaona kuti mpira wamiyendo ukumuitanira makasitomala ambiri, n'kuithetsa. Zeka anatsala mumzinda akukweza katundu m'malole, ntchito yomwe ija anaisiya kuno. Kubwerera anachita nako manyazi.

Pa Khirisimasi ankabwera ndi shuga ndi sopo. A malume ankamulandira, ankadya naye mbale imodzi, ankanyamula kamwana ka Luiza n'kukaseweretsa. Za kiriketi sankazitchula mpaka potsanzikana. Akamuperekeza pa msewu m'pamene ankamuuza kuti asaiwale, akadali mkati. Chaka china Zeka anatopa nazo n'kunena kuti chabwino, aitane a ku Majaua amalize. Koma a Sitande anali atamwalira, woponya uja anali ku Joni, ena anali atabalalika. A malume anati masewero oima amapitirizidwa ndi anthu omwewo, osati obwereka. Zeka anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Chowawa china n'chakuti kiriketi sanafe kuno ku Milange. Madzulo alionse pa bwalo la sukulu pamadzaza anyamata ndi atsikana akusewera wamfupi ndi mpira wa tenesi wokulungidwa tepi, ambiri kuposa amene a malume anasonkhanitsapo moyo wawo wonse. Ambiri mwa amene amawaphunzitsa ndi ana omwe aja anathawa phunziro la kusiya mpira. A malume akamapita ku msika ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pamenepo.

Miyendo itayamba kutupa anasiya kumunda, koma mgolo sanausiye mpaka unawakanika. Kenako ankatuma ine, iwo atakhala pa mpando akundiuza kuti ndikuthamanga kwambiri. Sabata yawo yomaliza ndinamuimbira Zeka, n'kuwaikira foni pakhutu. Ndinamva mawu a Zeka akuti, "A vovo, mundikhululukire." A malume anamvetsera, akupuma movutika, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ukubwera?" Zeka anati abwana ake amulola kumapeto kwa sabata. A malume anati chabwino, adikira. Koma ulendo uno kudikira kunawakanika. Zeka anafika titaika kale dzulo lake.

Anthu atabalalika, azakhali anamuitana. "Mdzukulu wanga, agogo ako anandilanda pakati pa munda ndikadali ndi mphamvu. Pano ndakalamba, kumunda wakutali sindingathe. Undiswere dothi ili, ndibzalepo nandolo."

Zeka sanatsutse. Khasu linkangodumpha, ndiye anakabwereka piki. Anayambira kumapeto kumene ndinkaima ine, n'kumabwera pang'onopang'ono, zibuma zikutuluka zazikuluzikulu, ine ndikuziphwanya pambuyo pake. Dzuwa likupendeka anafika pamalo pomwe anaima iye madzulo a tsiku lachitatu lija. Anakweza piki m'mwamba, anakhala choncho kanthawi, kenako anaitsitsa osamenya.

"Malizani ndinu, a tiyu," anandiuza Zeka, monga ankanditchulira potanthauza malume.

Ndinamuuza kuti nanenso sindingathe. Azakhali anali pakhonde akuona zonsezi. Sanatikalipire, anangoti tibwere tisambe m'manja. Mawa lake Zeka anawoloka kubwerera ku Limbe, ndipo chichokereni sanabwerenso.

Dzulo ndinapita kukawaona azakhali. Nandolo wakula bwino pamene panali pichi, wafika m'mapewa, wachita maluwa achikasu. Ukalowa m'katimo umapeza kamalo kamodzi kopanda chomera, kukula kwake ngati mphasa imodzi, kosalala, kolimba. Udzu sumerapo. Madzi a chiperoni salowa pansi, amangoima pamwamba mpaka dzuwa liwaumitse. Mizere ya nandolo imafika m'mphepete mwake n'kukhota.

Ndinawafunsa azakhali ngati ndipeze munthu waganyu adzapaswe mvula isanabwere, poti pangakwane mapando angapo. Anali akusenda chinangwa, ndipo sanadzutse mutu.

"Pasiye," anatero. "Pali mwini wake."